Kuyeza dzanja la quarterback: lipoti la fomula yomwe ndinakonzera timu ya sukulu ina ku Indiana

Loweruka lina m'mawa, Seputembala ali kumapeto, a kochi anandiitanira m'kachipinda komwe timaoneramo vidiyo ya masewero a dzulo lake. Patebulo panali pepala lomwe ndinawapatsa usiku, la mizere iwiri yokha. Mzere wapamwamba unali wa mnyamata wamkulu, yemwe chinali chaka chake chomaliza pasukulupo. Wapansi unali wa mnzake wocheperapo ndi zaka ziwiri. Onse ankasewera mpira wa ku America malo amodzi, a quarterback, woponya mpira, mosinthana. A kochi anagogoda pepalalo ndi cholembera n'kunena kuti, "Bambo, nambala zanuzi zikuti wamkuluyu ndi amene akuponya bwino. Maso anga akukana. Chimodzi mwa ziwirizi chikunama, ndipo ndikufuna ndichidziwe Lachisanu lisanafike."

Ntchito yanga ya masana ndi ya ziwerengero. Ya mpirayi ndimangothandiza: Lachisanu usiku ndimakhala pamwamba pa bwalo ndi pensulo ndi buku, kulemba chilichonse chochitika pa sewero lililonse. Lipoti lino likufotokoza zomwe ndinapeza nditaiphwasula fomula yomwe ndinkaikhulupirira, ndi momwe ndinamangira ina m'malo mwake.

Kwa amene mpira wa ku America sanauzolowere, zofunika pa nkhaniyi ndi zochepa. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi imaperewera pang'ono kukwana mita. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi, womwe amautcha down, kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa yapeza first down, ndipo imayambanso kuwerenga. Ikalephera katatu, kawirikawiri imaumenya mpirawo ndi phazi kuti ukagwere kutali, zomwe amati punt, ndipo mpira umapita kwa anzawo. Kulowetsa mpira kumapeto a bwalo ndi touchdown, mapointsi 6, ndipo pamakhala mwayi wowonjezera 1 kapena 2. Down iliyonse ndi sewero limodzi, ndipo quarterback ndi amene amalandira mpira sewerolo likamayamba n'kusankha woti amuponyere. Mpira wake ukawakhidwa ndi wa timu inayo, imeneyo ndi interception. Akamugwetsa asanaponye, imeneyo ndi sack.

Fomula yomwe ndinkagwiritsa ntchito

Ndinkawerengera anyamatawo ndi passer rating ya NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, nambala yoyezera woponya yomwe imaoneka pa wailesi ya kanema gemu iliyonse. Mbiri yake ndi yaulemu. Mu 1971 Pete Rozelle, yemwe anali mkulu wa ligiyo, anafuna njira yokhazikika yodziwira woponya bwino, chifukwa njira zakale zinkangoika osewera pamndandanda poyerekeza ndi anzawo a chaka chomwecho, moti munthu sakanadziwa pomwe waima mpaka onse atamaliza. Komiti yomwe munali Don Smith wa ku Pro Football Hall of Fame, Seymour Siwoff wa ku Elias Sports Bureau ndi Don Weiss wa ku NFL inakonza fomula yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1973. Mpaka lero sinasinthe.

Ili ndi zigawo zinayi: mipira yowakhidwa pa mipira yonse yoponyedwa, mayadi pa kuponya kulikonse, touchdown pa kuponya kulikonse, ndi interception pa kuponya kulikonse. Chigawo chilichonse chimapereka nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 2.375. Mukaphatikiza zinayizo, mumagawa ndi 6 n'kuchulukitsa ndi 100. Anaikonza potengera kaseweredwe ka zaka za m'ma 1960, moti woponya wapakatikati wa nthawi imeneyo, wowakhitsa theka la mipira yake, mayadi 7 pa kuponya kulikonse, touchdown 5 ndi interception 5.5 pa mipira 100 iliyonse, ankapeza 66.7. Nambala yapamwamba zedi ndi 158.3, ndipo imafuna kuti mipira 77.5 pa 100 iwakhidwe, mayadi akhale 12.5 pa kuponya kulikonse, touchdown zikwane 11.875 pa 100, popanda interception ndi imodzi yomwe.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinachita chinthu chomwe ndinayenera kuchita kalekale: ndinachotsa mabulaketi onse n'kusandutsa chilichonse kukhala mayadi, kuti ndione mtengo womwe fomulayi imaika pa chinthu chilichonse. Masamu ake ndi a ku sekondale. Malire aja a 0 ndi 2.375 akakhala kuti sanakhudzidwe, fomula yonse imatsala chonchi:

2.08 + 4.167 × (mayadi + 20 × mipira yowakhidwa + 80 × touchdown − 100 × interception) ÷ mipira yoponyedwa

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Mpira kungowakhidwa, ngakhale usasunthe ndi phazi limodzi lomwe, fomula imalipira ngati mayadi 20. Woponya mpira umodzi wowakhidwa kumbuyo, timu n'kubwerera mayadi 3, amapeza 79.2. Woponya mpira n'kugwera pansi, timu osataya yadi ndi imodzi yomwe, amapeza 39.6. Amene waluza malo ndi amene wapatsidwa kuwirikiza kawiri.

Tiyerekeze anyamata awiri. Woyamba waponya katatu, yonse yawakhidwa, mayadi 3 uliwonse. Pamodzi ndi mayadi 9, sanakwane 10, timu ikumenya punt. Fomula ikumupatsa 79.2. Wachiwiri waponya kawiri mpira wagwera pansi, kachitatu wawakhidwa mayadi 30, timu ikupitirira ndi mpira ili m'gawo la adani. Fomula ikumupatsa 71.5. Amene tinakulira mpira wa miyendo tikuzidziwa izi: zili ngati kutamanda wosewera kumbuyo chifukwa cha mapasi ambiri obwezera kwa goloboyi.

Sikuti zimenezi ndi za papepala chabe. Mu 2016 Sam Bradford wa Minnesota Vikings anawakhitsa mipira 395 mwa 552, kapena kuti 71.6 peresenti, yomwe inali rekodi ya ligi panthawiyo. Mayadi ake enieni anali 3,877, pafupifupi 7 pa kuponya kulikonse, nambala wamba ndithu. Koma mkati mwa fomula mipira 395 ija inamubweretsera mayadi ongoyerekeza 7,900, kuwirikiza kawiri mayadi omwe mpira unayendadi pabwalo. Anamaliza ndi 99.3, timu yake itapambana magemu 8 n'kugonja 8. Bradford ankaponya molunjika, zimenezo palibe angatsutse, ndipo omuteteza ambiri anali atavulala chaka chimenecho, n'chifukwa chake ankautaya msanga pafupi. Koma nambala ija ikuuza munthu za kulunjika kwa mipira yaifupi kuposa za phindu lomwe timu inapeza.

Vuto lachiwiri ndinaliona ndi maso pa vidiyo yathu Lamlungu masana. Mnyamata wamkulu uja wabwerera m'mbuyo mapazi asanu, wayang'ana kumanja, wowakha wake watsekeredwa. Akuusisita mpira ndi dzanja lamanzere, kamodzi, kawiri. Kumanzere kuli mnzake yemwe wapeza kampata, koma wotchinga ali pafupi naye, ndipo mpira woterowo utha kugwera pansi. Sakuponya. Akuumbatira mpira pachifuwa, akuweramitsa mutu, ndipo anthu awiri akumugwetsa mayadi 8 kumbuyo. M'buku langa sewero limenelo ndinalilemba kumbali ya othamanga ndi mpira, monga momwe amachitira ku makoleji, ndipo pa mzere wake wa kuponya panalibe chilema chilichonse. Ku NFL mayadi a sack amachotsedwa pa mayadi oponya a timu, koma passer rating ya munthuyo siikhudzidwa. Fomulayi sack siidziwa n'komwe.

Wina anganene kuti sack ndi mlandu wa oteteza quarterback kutsogolo. Mbali ina n'zoona. David Carr anagwetsedwa maulendo 76 mu 2002, chaka choyamba cha timu ya Houston Texans, ndipo palibe angati zonsezo zinali zake. Komabe amene aunika ziwerengero za NFL kwa zaka zambiri amapeza kuti chizolowezi chogwetsedwa chimamutsatira quarterback ngakhale asinthe timu. Dan Marino mu 1988 anaponya mipira 606 n'kugwetsedwa maulendo 6 okha, ndipo sanali wothamanga. Chake chinali kusankha msanga ndi kutulutsa mpira m'manja mwachangu.

Zovuta zina ziwiri ndizitchula mwachidule. Malire a 2.375 amachititsa kuti amene wawakhitsa 90 peresenti afanane ndi wa 78 peresenti. Ndipo muyeso wa 66.7 unatha ntchito kalekale. Malamulo a 1978 analetsa otchinga kukankha owakha akadutsa mayadi 5 ndipo analola oteteza quarterback kutambasula manja, ndiye kuponya kunaphweka. Masiku ano avereji ya ligi imazungulira pa 90. Joe Namath, woyamba kudutsa mayadi 4,000 pa sizoni imodzi mu 1967, anapeza 73.8 chaka chimenecho. Jameis Winston, yemwe anaponya interception 30 mu 2019, anapeza 84.3.

Zomwe ena anachita kale

Sindinafune kuyamba ngati kuti palibe anaganizapo. Fomula ya makoleji, ya NCAA, ili ndi matenda omwewo pang'ono: imachulukitsa mayadi ndi 8.4, mipira yowakhidwa ndi 100, touchdown ndi 330, interception ndi 200, ndiye kuwakha kokha kumatuluka pafupifupi mayadi 12, pomwe interception imangodula mayadi 24. Total QBR, muyeso wina womwe wailesi ya kanema ya ESPN inayambitsa mu 2011 imawerengera sack, kuthamanga ndi momwe gemu ilili, koma munthu sangaiwerengere yekha pa pepala, ndipo nambala yomwe kochi sangathe kuifotokozera mnyamata wa zaka 16 kwa ife ilibe ntchito.

Ganizo lomwe linanditsegula maso ndi lakale kuposa passer rating yomwe. Virgil Carter, yemwe anali quarterback wa Cincinnati Bengals, pamodzi ndi Robert Machol anasindikiza mu 1971 kafukufuku wofunsa funso losavuta: timu ikakhala ndi mpira pamalo akutiakuti pabwalo, ingayembekezere mapointsi angati? Lero akatswiri a NFL amawerengera zimenezi pa sewero lililonse, ndipo pulogalamu ya nflfastR imapereka mwaulere masewero onse kuyambira 1999. Ife tilibe masewero zikwizikwi a masukulu a m'dera lathu oti tiwerengerepo. Koma ganizolo litha kufupikitsidwa kukhala mzere umodzi wowongoka, monga anachitira Bob Carroll, Pete Palmer ndi John Thorn m'buku lawo la 1988: mpira ukakhala pa mzere wa golo lanu ndi ngati muli ndi ngongole ya mapointsi 2, ukakhala pa mzere wa golo la adani muli ndi mapointsi 6 m'manja. Mapointsi 8 pa mayadi 100, ndiye kuti pointi imodzi ndi mayadi 12.5.

Mzere umenewu umayankha mafunso awiri nthawi imodzi. Kodi kulandidwa mpira kumadula zingati? Pakati pa bwalo muli ndi +2. Mpira ukapita kwa adani pomwepo, iwo ndi amene ali ndi +2, inu −2. Kusiyana kwake ndi mapointsi 4, kapena mayadi 50. Yesani pamalo ena aliwonse, yankho ndi lomwelo. Popeza interception imachitika mpira utayenda kale patsogolo, amachotsapo pang'ono n'kutsala 45. Si 100 ayi. Nanga touchdown? Timu yomwe yafika pa yadi yomaliza ili kale ndi pafupifupi mapointsi 6 m'thumba, ndiye yadi yomalizayo singakhale ndi mtengo wa mayadi 80. Olemba aja anaika 10, ndipo Chase Stuart wa ku Pro Football Reference atawerengeranso anaikweza kufika 20. Muyeso womwe unatuluka pamenepo umatchedwa ANY/A: mayadi, kuwonjezera 20 pa touchdown, kuchotsa 45 pa interception, kuchotsa mayadi a sack, zonsezo kugawa ndi mipira yoponyedwa pamodzi ndi sack.

Ndinauyesa pa masizoni awiri omwe aliyense amavomereza kuti anali apamwamba. Aaron Rodgers mu 2011: mipira 343 mwa 502, mayadi 4,643, touchdown 45, interception 6, passer rating 122.5, rekodi ya sizoni imodzi. Peyton Manning mu 2004: mipira 336 mwa 497, mayadi 4,557, touchdown 49, interception 10, passer rating 121.1. Koma Rodgers anagwetsedwa maulendo 36 n'kutaya mayadi 219, pomwe Manning anagwetsedwa maulendo 13 n'kutaya mayadi 101. Pa ANY/A Manning amatuluka ndi 9.78, Rodgers 9.39. Mndandanda watembenuka, ndipo chotembenuza ndi masewero 23 omwe fomula yakale sinawaone.

Kumanga yathu

Ndinadziikira malamulo atatu. Yankho lizituluka m'mayadi, chifukwa kochi aliyense amadziwa kusiyana kwa mayadi 5 ndi 8, pomwe kusiyana kwa 88 ndi 94 sikuoneka pabwalo. Chilichonse chochitika quarterback akabwerera kuti aponye chiziwerengedwa. Ndipo munthu azitha kuiwerengera ndi foni pa basi yobwerera kusukulu.

Pa ANY/A ndinawonjezera zinthu zitatu. Choyamba ndi first down. Mayadi 4 pamene pakufunika 3 ndi chuma. Mayadi 4 pamene pakufunika 9 pa down yachitatu ndi kungokonzera womenya punt malo. Mphoto yomwe fomula yakale imapereka pa kuwakha ndinaisamutsira apa, kuti mpira uzilipidwa ukagwira ntchito yake. Ndinaika mayadi 10. Nambala imeneyi ndi chiweruzo changa: ndinayesa 8, 9 ndi 12, mndandanda wa anyamata athu sunasinthe, ndiye ndinatenga yosavuta kuwerenga pamtima. Chachiwiri ndi mpira wopulumuka m'manja pomugwetsa n'kutoledwa ndi adani. Ndinaudula mayadi 50, popeza ndi kulandidwa mpira kopanda ndi kuyenda patsogolo komwe. Chachitatu ndi masewero omwe quarterback anabwerera kuti aponye, n'kuona kuti onse atsekeredwa, n'kuthamanga yekha. Buku limawalemba ngati kuthamanga wamba, koma pa vidiyo amaoneka bwino lomwe, ndipo ndi yankho lina la funso lomwe lija limene wina amaliyankha ndi sack. Masewero omwe a kochi anamuuziratu kuti athamange sindinawalowetse.

Fomula inakhala motere:

(mayadi oponya + mayadi othawa nawo mpira − mayadi a sack + 10 × first down + 20 × touchdown − 45 × interception − 50 × mpira wotoledwa ndi adani) ÷ maulendo onse omwe anabwerera kuti aponye

Touchdown siiwerengedwanso ngati first down. Tikabwerera kwa anyamata awiri ongoyerekeza aja, wa mipira itatu ya mayadi 3 akupeza 3.0, wa mpira umodzi wa mayadi 30 akupeza 13.3.

Lolemba ndinapita nayo kwa a kochi mtima uli m'malo. Anayang'ana mndandanda wa masewero omwe ndinadula, n'kuima pa limodzi. "Iyi interception ya pa wisilo ya theka loyamba, mwamudula mayadi 45 mwanayu?" Ndinavomera. "Ndinamuuza ndine kuti auponye kumwamba. Kunatsala masekondi atatu. Akanausunga, ndikanamukalipira." Ananena zoona, ndipo kulakwa kunali kwanga. Mtengo wa 45 umachokera pa zomwe timu yataya ndi zomwe adani apeza. Nthawi ikatha palibe chotaya, palibe chopeza. Chimodzimodzi mpira wautali wolandidwa pa down yachinayi, womwe nthawi zina umaposa ndi punt yomwe. Ndinaonjezera lamulo: interception ya pa sewero lomaliza la theka, kapena ya pa down yachinayi, iziwerengedwa ngati mpira wogwera pansi. Ena angati pamenepa ndalowetsa maganizo a munthu m'masamu. Lamulolo linalembedwa poyera ndipo limagwira aliyense mofanana, ndiye ine ndilibe nalo vuto.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwakukulu, ndipo kunanditengera sabata kuti ndikuone. Ndinkayankha funso lina, a kochi akufunsa lina. Fomula yangayi imanena zomwe zinachitika: ndani anabweretsa phindu lalikulu m'masewero apitawa. A kochi ankafuna kudziwa zomwe zichitike: ndani ayambe Lachisanu. Mafunso awiriwa safanana. Interception imawononga gemu, n'chifukwa chake ili ndi mtengo waukulu, koma imachitika mwa apo ndi apo, ndipo zambiri zimayendera mwayi: mpira wagunda m'manja mwa wowakha n'kudumphira kwa mdani, kapena waponyedwa pachifuwa pa mdani iye n'kuugwetsa. Ngakhale ku NFL, komwe munthu amaponya mipira yoposa 500 pa sizoni, chiwerengero cha interception chimasinthasintha chaka ndi chaka kuposa cha kuwakhitsa kapena cha sack. Mnyamata wa sukulu yemwe wabwerera kuti aponye maulendo 40, interception imodzi yokha imamutsitsa ndi yadi yathunthu ndi kanthu.

Apa ndinayenera kuibwezera ulemu fomula yakale pa chinthu chimodzi. Kuwakhitsa mipira, komwe ndinakuchotsera mphoto, ndi khalidwe lokhazikika la munthu. Sikuyeza phindu, koma kumathandiza kumudziwa woponya. Ndiye ndinakusiya papepala ngati mzere wakewake, osakusakaniza.

Mankhwala a kuchepa kwa masewero ndi odziwika kwa aliyense wogwira ntchito ya ziwerengero: musamakhulupirire nambala yochokera pa zochepa, ikokereni ku avereji. Kwa mnyamata aliyense ndimawonjezera maulendo 100 ongoyerekeza a quarterback wapakatikati, avereji yake yochokera pa onse omwe ali pa vidiyo zathu, athu ndi a matimu omwe takumana nawo. Tiyerekeze kuti averejiyo ndi 7. Amene wabwerera maulendo 40 n'kupeza 11 amatsikira pa 8.1. Amene wabwerera maulendo 200 n'kupeza 9 amakhala pa 8.3. Wachiwiriyo waonetsa zambiri, ndiye akuyenera kukhulupiriridwa koposa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masamu awa akungokakamiza kudekha komweko. Kuyerekeza ndi avereji ya chaka chomwecho kumathetsanso vuto la Namath lija, chifukwa munthu amayezedwa ndi anzake a nthawi yake.

Ndiye pepala la a kochi linakhala ndi nambala ziwiri. Yoyamba, ya zomwe zachitika, ndi fomula yonse ija. Yachiwiri, yoyang'ana kutsogolo, imadula interception theka lokha ndipo ndi yokokeredwa ku avereji.

Zomwe zinatuluka

Pa nambala yoyamba anyamata aja anasinthana malo. Wamng'onoyo anakwera pamwamba chifukwa cha first down zake ndi kuthawa kwake akapanikizidwa, wamkuluyo anatsika chifukwa cha sack zomwe kale zinkabisala kumbali ya othamanga. Maso a a kochi sananame. Koma pa nambala yachiwiri kusiyana kunachepa kwambiri, ndipo ndinawauza mosabisa kuti ndi masewero ochepa chonchi sindingaike dzanja pamoto kuti uyu aposa uyu mpaka kumapeto a sizoni. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Chabwino. Bola tsopano pepala lanu silikundikokera kumbali yolakwika. Zotsalazo ndi ntchito yanga." Lachisanu anayambitsa wamng'onoyo.

Chomwe sindinachiyembekezere chinachitika kwa wamkulu uja. A kochi anamuitana, n'kumuonetsa sewero lija la mayadi 8, n'kumulembera pa bolodi kuti mpira wogwera pansi ndi 0 pomwe sack ija ndi −8. Mnyamatayo anakhala chete, kenako ananena motsitsa mawu kuti kuyambira ali wamng'ono aliyense ankamufunsa za peresenti ya mipira yowakhidwa, kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo ankaopa kuitsitsa. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa mmodzi mwa omwe ankamupatsa pepala la peresenti imeneyo sabata iliyonse ndinali ine. Sanali wamantha pabwalo. Ankateteza chomwe akuluakulu tinamuuza kuti n'chofunika. Masabata otsatira, akalowa, ndinamuona akuponyera mpira kunja kwa bwalo pomwe kale akanaumbatira, ndipo kawiri anaponyera m'kampata kaja ka kumanzere. Peresenti yake inatsika. Nambala yake yatsopano inakwera.

Fomulayi ili ndi mabowo omwe ndikuwadziwa. Waukulu ndi wakuti mayadi onse amapita kwa woponya. Tili ndi mnyamata wina waliwiro yemwe amatha kuwakha mpira pamzere woyambira n'kuthamanga nawo mayadi 60, ndipo quarterback amalandira zonsezo pamodzi ndi mphoto ya touchdown, chonsecho mpira woterowo aliyense pa timu akhoza kuuponya. Mpira wabwino wogwetsedwa ndi wowakha umalembedwa 0, chimodzimodzi ndi woponyedwa kuthengo. Sitiyezanso mphamvu ya timu yomwe takumana nayo, pomwe kusukulu matimu amasiyana kutalitali kuposa ku NFL. Ku ligi yaikuluyo amaika tizipangizo ta Zebra Technologies m'zovala za pamapewa ndi mu mpira momwe, ndiye amadziwa kutalika kwa mpira uliwonse m'malere ndi kutalikirana kwa wowakha ndi womutchinga. Ife tili ndi kamera imodzi pamwamba pa bwalo.

Kamera imodziyo ikukwanira kuona pomwe mpira wawakhidwira. M'buku la sizoni ino ndajambulamo mizere iwiri yatsopano: wina wa mayadi omwe mpira wayenda m'malere, wina woika chizindikiro mpira ukagwetsedwa uli m'manja. Ndikuganiza zopatsa woponya mayadi onse a m'malere ndi theka la othamangidwa pambuyo pake, koma sindikhudza fomula mpaka nditadzaza masewero a sizoni yonse. A kochi apempha kholo lina kuti lizikhala pambali panga Lachisanu n'kumaloza mzere womwe mpira wagwirira manja, chifukwa ine ndikaweramira buku kuti ndilembe down ndi mayadi, sewero lotsatira limakhala layamba kale.